Meseji ya Enelesi Imene Ndinafufuta

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, inu amene timakumana pa tsamba lino ngakhale ambiri a ife sitinagwiranepo chanza. Mtendere wa Yesu ufike m'nyumba zanu ndi pa ana anu. Ine ndine Daka wa ku Buchi kuno ku Kitwe, uja amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo kuseri kwa msika. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti sindine wolembalemba, ndipo mtima wanga suchedwa kupsa. Koma lero ndakhala pansi kuti ndipereke umboni, ndipo ndi umboni wowawa. Mwana wanga wamkazi, Enelesi, anatsala pang'ono kutaya sukulu yake mpaka kalekale. Amene anamuchita zimenezi si mfiti, si mdani wa banja, koma ine atate ake omubala.

Ndiyambe ndi kumene uchitsiru wanga unachokera. Atate anga anabwera kuchokera ku Katete kudzagwira ntchito ku mgodi, ine ndinabadwira konkuno. Tikukula, mgodi uliwonse unali ndi timu yake ya mpira, ndipo mnyamata wodziwa kumenya ankalembedwa ntchito, kupatsidwa nyumba, osatsikako pansi ngakhale tsiku limodzi. Mkulu wanga Fabiano anapeza nyumba ya zipinda zinayi chifukwa cha mwendo wake wamanzere chabe. Ine, wopanda mwendo wotero, ndinatapa miyala ndi fosholo pansi pa nthaka zaka sikisitini mpaka tsiku limene anatiuza kuti ntchito yatha. Choncho m'mutu mwanga munakhazikika chinthu chimodzi: mpira umadyetsa. Sukulu ndinkailemekeza pakamwa pokha, kaili mwana wa aneba athu ali ndi digiri koma amakhala tsiku lonse m'kabuthi kotumizira ndalama pa foni, kumangoingitsa ntchentche.

Enelesi ndi woyamba mwa ana athu anayi. Mulungu anamupatsa mphatso ziwiri, mwendo ndi mutu. Anayamba kumenya mpira ndi anyamata mumsewu wathu wafumbi asanadziwe n'komwe nsapato, ndipo pofika ku sekondale anali nambala naini wa timu ya atsikana, amene masukulu ena ankamuopa. M'kalasi namo sankagona. Giredi twelofu anakhoza ndi mapointi naini, ndipo inu makolo mukudziwa kuti si zamasewera zimenezo. Chimene ankafuna n'kukaphunzira uinjiniya wa zitsulo ku yunivesite ija ili ku Riverside, pafupi ndi mtsinje wa Kafue. Ankanena kuti akufuna kudziwa chimene chimachitika ku mwala uja atate ake ankatapa ukafika pamwamba. Ndikamva zimenezo ndinkaseka, koma mumtima zinkandikoma.

Fomu tinagula, anadzaza yekha. Pamalo pa nambala ya foni analemba yanga, chifukwa ine ndinali nditakana kumugulira foni. Ndinkati mafoni ndi amene akuwononga atsikana masiku ano. Listi ya osankhidwa itatuluka anapita kukaiona pa foni ya mnzake, ndipo dzina lake panalibe. Anabwera kunyumba maso ali psuu, analira masiku awiri osadya. Mkazi wanga, amake Enelesi, anamutonthoza kuti nthawi zina amatulutsa listi yachiwiri, ya olowa m'malo mwa amene sanabwere, ndipo amenewo amawatumizira meseji. Mwana anagwira mawu amenewo ndi manja awiri.

Sabata yomweyo pakhomo pathu panaima galimoto yoyera. Munatuluka bambo wina wonenepa, wovala jezi ya timu, amene anati akuchokera ku koleji ina ya eni ake ku Ndola. Sindiitchula dzina. Anati anamuona Enelesi pa mipikisano ya masukulu, ndipo koleji yawo ikumanga timu ya atsikana yoti idzamveke dziko lonse. Ana a timu aphunzira dipuloma ya bizinesi ulere, agona m'nyumba ya koleji ku Kabushi, ndipo mwezi uliwonse alandira wani sauzande faifi handiredi kwacha, kuwonjezera kena timu ikawina. Abale, pamene anatchula ndalamayo makutu anga anatsekeka, zina zonse sindinamve. Nthawi imeneyo magetsi ankazima maola ambiri patsiku, makina anga ankangokhala, ndipo mwezi wina sindinkapeza ngakhale theka la ndalama imeneyo. Ndinaona mwayi wa Fabiano utabweranso, tsopano pakhomo panga.

Enelesi anakana mwaulemu. Anati bizinesi si imene akufuna, kuli bwino adikire listi yachiwiri, zikakanika adzayesanso chaka chamawa. Amake anagwirizana naye. Ine ndinakalipa mpaka aneba anasuzumira pa mpanda. Bambo uja anangoseka, anasiya pepala patebulo, nati atipatsa sabata imodzi, kupitirira apo malo apereka kwa mtsikana wina wa ku Mufulira.

Linali Lachinayi, cha m'ma teni koloko m'mawa, magetsi atangobwera. Ndinali pakati powotcherera geti la munthu pamene foni inalira m'thumba la ovolosi. Ndinakweza magalasi akuda pachipumi n'kuwerenga. Inali meseji yochokera ku yunivesite. Enelesi Daka wasankhidwa, uinjiniya womwe uja ankaufuna, abwere kudzalembetsa pasanathe masabata awiri, apo ayi malo apita kwa wina. Ndinaiwerenga katatu. Ndikanakonda kukuuzani kuti Satana anandiphimba m'maso, koma ndinganame. Ndinkaona bwinobwino. Ndinaganiza za fizi ya zaka zisanu, za loni ya boma imene si onse amaipeza, za ang'ono ake atatu, kenako za ndalama ija ya mwezi ndi mwezi. Ndinadina pofufutira, foni inandifunsa ngati ndatsimikiza, ndinadinanso. Ndinatsitsa magalasi n'kupitiriza ntchito, ndipo geti lija ndinalimaliza bwino moti mwini wake anandiyamikira.

Madzulo ake Enelesi anandichingamira panja. "Atate, sanatumize kanthu?" Ndinati kulibe. Anafunsanso Lachisanu, Loweruka, ndi Lamulungu tikuchokera ku Misa, ine nditangolandira kumene Ukaristia. Yankho langa linali lomwelo. Lolemba anasaina pepala la bambo uja, ine n'kusainanso pansi pake monga kholo, osawerenga ngakhale mzere umodzi. Anakwera minibasi ya ku Ndola osalira, osaseka.

Miyezi yoyamba ndinkayenda ngati mwini Buchi. Ndalama inkabwera, ndipo mwana wanga ankatumiza pafupifupi yonse kunyumba, yekha n'kutsala ndi ya sopo. Ku msika ndinkawaseka anzanga kuti wanga akuphunzira kwinaku akulandira, anu a ku yunivesite akungokudyerani. Koma akabwera kumapeto kwa mwezi ankadandaula. Atsikana eyiti ankagona m'zipinda ziwiri. M'mawa kuthamanga, masana tireningi, Loweruka gemu ku Luanshya kapena ku Chingola, ndipo m'kalasi ankalowa mwina kawiri pa sabata, akuwodzera. Aphunzitsi ankangowauza ana a timu kuti musadandaule, za mamakisi tidzaona. "Atate, kumene kuja sitiphunzira kanthu," anandiuza tsiku lina. Ndinamuyankha kuti asiye mwano, anzake akusirira pamene iye ali.

Mwezi wachisanu ndi chitatu timu yawo inabwera ku Kitwe kudzamenya ndi timu ya yunivesite ija, pa bwalo lawo ku Riverside. Ndinavala shati yanga ya ku tchalitchi, ndinaitana anzanga anayi a ku msika kuti akaone mwana wa Daka. Hafu yoyamba anachinya chigoli chimodzi, ndinakuwa mpaka mawu anasasa. Hafu yachiwiri itangoyamba analumpha kulimbirana mpira wa m'mwamba ndi mtsikana wa timu inayo, ndipo potera mwendo unatsala, thupi n'kutembenuka. Kulira kwake ndinakumva ndili kutsidya kwa bwalo. Sikunali kulira kwa osewera ofuna kunamiza refa, kunali kuja ankalira ali wakhanda. Kuchipatala adokotala anati mitsempha ya m'bondo yaduka, kuyenda adzayenda pakapita miyezi, koma za mpira aiwale.

Tsiku lachitatu, nthawi yoona odwala masana, mu wodi munalowa amai ena aatali ovala magalasi, atanyamula malalanje m'pulasitiki. Anati ndi Amai Chanda, amaphunzitsa ku yunivesite, ndipo ndi amene amayang'anira timu ya atsikana kumeneko. Anapepesa m'Chibemba chofatsa chifukwa cha ngoziyo, n'kukhala m'mphepete mwa bedi. Kenako anafunsa funso limene kwa iwo linali lachifundo chabe.

"Mwana wanga, dzina lako ndinaliona pa listi yachiwiri chaka chatha, ndinasangalala kuti tapeza nambala naini. Ndinakudikira. Bwanji sunabwere?"

"Sanandisankhe, amai," anatero Enelesi.

"Awe mwandi, anakusankha. Meseji anatumiza pa nambala imene unalemba."

Mu wodi munali phokoso la anthu ndi mbale, koma kwa ine kunangoti zii. Enelesi anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Amake nawo anandiyang'ana. Pamenepo munthu wanzeru akanagwada. Ine ndinachita chimene ndimadziwa: ndinaimirira n'kuyamba kuwakalipira amai aja. Ndinati atsikana anu athyola mwana wanga, manje mwabwera kudzathyola nyumba yanga, tulukani! Manesi anathamangira, odwala ena anadzuka kuonerera. Amai Chanda anasiya malalanje aja pa kabati n'kutuluka mwakachetechete. Mwana wanga sanafunsenso kanthu, chifukwa kukalipa kwangako kunali kutamuuza zonse.

Bambo wa galimoto yoyera anabwera kamodzi, anaima pakhomo pa wodi mphindi zochepa, kenako foni yake inasiya kuyankhidwa. Mwezi utatha ndalama sinabwere. Ndinakwera kupita ku Ndola nditakonzeka kugubuduza matebulo, koma mtsikana wa mu ofesi anangotulutsa pepala lija n'kuloza ndi cholembera. Linkanena kuti sukulu yaulere, malo ogona ndi malipiro ndi za amene akusewera. Amene wasiya kusewera, pa chifukwa chilichonse, alipire fizi yonse ngati ophunzira ena, apo ayi achoke. Pansi pake panali siginecha yanga, yaikulu, yonyada. Zovala za Enelesi anandipatsa m'saka, ndipo pa bedi lake ku Kabushi panali patagona kale mtsikana wina. Ndinabwerera ku Kitwe saka lili pamiyendo.

Fabiano atamva anabwera, akuyenda mokakamiza ndi mawondo ake otha. Anandimvetsera mpaka kumapeto n'kupukusa mutu. "Iwe, nthawi yathu mgodi unkatilemba ntchito poyamba, mpira pambuyo. Ukathyoka ankakupatsa mpando mu ofesi. Awa agula mwendo chabe. Bwanji sunandifunse?" Munthu amene ndinamusirira moyo wanga wonse amakhala misewu itatu kuchokera kwathu, ndipo sindinapite kukamufunsa chifukwa ndinkaopa kuti andiletsa.

Apa ndi pamene mdima weniweni unayamba. Enelesi anatuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri, ndipo kuyambira tsiku lija la mu wodi sanandilankhulenso. Sanandinyoze, sanandifunse chifukwa. Akanandinyoza bwenzi zili bwinoko. Ndikalowa pabalaza ankatola ndodo zake n'kulowa kuchipinda. Ndikamupatsa moni ankayang'ana khoma. Amake ankandilankhula za makala ndi za ndiwo basi, mawu ena onse anatha. Ang'ono ake ankasiya kuseka akamva ndikutsegula chitseko. M'nyumba imene ndinamanga ndekha ndinakhala ngati wa lendi. Tsiku lina ndili kuseri kwa nyumba ndinamumva akuuza amake kuti, "Kukanakhala bwino ndikanangofera pa bwalo paja."

Ku tchalitchi ndinasiya kupita kutsogolo kukalandira. Ine amene ndinali wapampando wa mphakati wathu ndinatula udindo, n'kumakhala benchi yomaliza pafupi ndi chitseko. Kupemphera ndinkayesa, koma ndinkalephera. Ungamupemphe chiyani Mulungu pamene anakuikira kale yankho m'thumba, iwe n'kulitaya ndi chala chako? Ndinamuuza kuti atenge bondo langa, atenge manja anga, atenge moyo womwe ngati akufuna, koma kumwamba kunali chete. Ndinaonda, thalauzi n'kumamanga ndi waya. Kunena zoona ndinali nditataya mtima, ndipo ndinkakhulupirira kuti tchimo langa ndi lija losakhululukidwa.

Patapita miyezi isanu, m'mawa wina ndinagula vitumbuwa viwiri kwa amai amene amagulitsa pafupi ndi shedi yanga. Anandikulungira m'pepala monga mwa masiku onse. Nditadya chimodzi ndinaona kuti pepalalo ndi lolemba pamanja, zilembo zazing'ono zopendekera, manambala ndi zizindikiro za kemisitiri, mafuta atalowerera pakati. Dzanja limenelo ndinalidziwa. Nditafunsa, amai aja anati mwana wanu anatumiza makope ake onse dzulo, akuti alibenso nawo ntchito. Makope amene ankawakuta ndi pulasitiki, osalola ngakhale mng'ono wake kuwakhudza! Abale, ndinakhala pa chitsulo n'kulira pamaso pa msika wonse, bambo wamkulu wa imvi, chitumbuwa chili m'manja. Ndinagula mulu wonse umene unatsala n'kukauika pakhomo pa chipinda cha Enelesi. Unakhala pomwepo masiku atatu, mpaka amake anauchotsa posesa.

Loweruka lake ndinapita kukalapa. Ndinawauza a Fada zonse, osasiya kanthu. Ndinkayembekezera kuti andipatsa makorona angapo, ndikapemphere, nkhani ithe. Koma iwo anati, "A Daka, Mulungu wakukhululukirani, koma mwana akadali pansi. Malipiro a tchimo lanu ndi awa: mupite kwa amai aja munawathamangitsa mu wodi, mukapepese, mukawafunse chochita." Ndinayamba kutsutsa pomwepo, ine ndi kamwa langali, koma iwo anati amaliza. Ndinazengereza masabata awiri. Tsiku limene ndinapita ndinayenda wapansi kuchokera ku Buchi mpaka ku Riverside, kuopa kuti mu minibasi wina andifunsa kumene ndikupita.

Kupatula tsiku la mpira lija, ndinali ndisanalowepo pa geti la yunivesite. Ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza ofesi ya Amai Chanda, n'kuima pakhomo chipewa chili m'manja. Anandizindikira nthawi yomweyo. "Mwaiseni, ba Daka," anatero, kundilandira ngati mlendo amene akhala akumuyembekezera, n'kundikokera mpando. M'malo mokhala ndinagwada. Anandidzutsa msanga, nati zimenezo zatha, tikambe za mwana. Anandiuza kuti kuyambira tsiku lija akhala akumupempherera Enelesi ku mpingo kwawo, ndipo mtima wawo sunapume chifukwa funso lawo ndi limene linaphulitsa nkhani pamaso pa wodwala. Tangoganizani, ine ndawatukwana, iwo n'kumadziimba mlandu!

Sanandinamize. Anati alibe mphamvu yolowetsa munthu, ndipo kwawo mwendo sulowetsa munthu m'kalasi, ngakhale ukanakhala wabwinobwino. Mafomu a chaka chimenecho atseka pakatha masiku naini, ofuna uinjiniya ndi ambiri kuposa malo, ndipo munthu amene anapatsidwa malo n'kusabwera osanena kanthu amaoneka ngati wosafuna sukulu. Chimene chingathandize n'chakuti pa fomu pakhale kalata yofotokoza chimene chinachitika. "Koma asalembe mwana," anatero. "Mulembe inu, ndi dzanja lanu, zonse mmene zinalili, mukadinditse kwa bwana wolumbiritsa anthu."

Kalata imeneyo ndinailemba kasanu. Yoyamba ndinalemba kuti foni inawonongeka, ndinang'amba. Yachiwiri ndinati meseji inafufutika mwangozi, ndinang'ambanso. Yomaliza inali yaifupi: ine Daka ndinalandira meseji, ndinaiwerenga, ndinaifufuta dala chifukwa ndinkafuna ndalama ya mpira, mwana wanga sanadziwe kanthu. Kumene ndinapita kukadinditsa kunali mzere wa anthu, ndipo bwana wodindayo anaiwerenga mokweza kuti atsimikize kuti ndi mawu anga. Pamzerepo panali anthu awiri a ku mphakati kwathu. Anandifunsa ngati ndi zoona, ndinati inde bwana, ndi zoona. Dzuwa lisanalowe Buchi yense anali atamva.

Koma Enelesi anakana kudzaza fomu. Anauza amake kuti watopa ndi kuyembekezera zinthu. Amai Chanda anakwera minibasi kubwera kwathu katatu, munthu wophunzira chotero, kudumpha madzi a m'ngalande ndi nsapato zawo za ku ofesi. Ulendo woyamba mwana sanatsegule chitseko. Wachiwiri anatsegula koma sanayankhe. Wachitatu, tsiku lotsekera mafomu, anakhala naye m'chipinda maola awiri, ine ndili panja pa njerwa. Zimene anakambirana sindizidziwa mpaka lero. Ndinangowaona akutuluka envelopu ili m'manja, akuthamangira minibasi. Amake anandiuza pambuyo pake kuti kalata yanga Enelesi anaiwerenga n'kuipinda.

Tinadikira miyezi itatu. Listi itatuluka, dzina lake panalibenso. Ndinamumva akuseka kuchipinda, kaseko kouma kamene sindidzakaiwala. Apa ndiye ndinagweratu. Ndinati Ambuye, ndalapa, ndagwada, ndadzivula pamaso pa anthu, nanga mukufunanso chiyani? Ndinasiya kupemphera, sindibisa. Amene sanasiye ndi amake Enelesi. M'mawa uliwonse sikisi koloko ankanyamuka kupita ku Misa, kaya mvula kaya mphepo, ndipo ine ndinkawayang'ana ndi mkwiyo, ndikuona ngati akungomaliza nsapato.

Lamulungu lina ndinapita ku tchalitchi chifukwa cha chizolowezi chabe, n'kukhala pa benchi yanga yomaliza. Nthawi ya zolengeza sindinkamvetsera. Ndinangodzidzimuka kumva dzina langa. Wolengeza anati banja la a Daka lapereka Misa yothokoza, pakuti mwana wawo Enelesi waitanidwa ku yunivesite kukaphunzira uinjiniya. Tchalitchi chonse chinaomba m'manja, azimai n'kuimba nthungululu, anthu kutembenuka kundifunafuna. Ine ndinali ndisakudziwa kanthu. Kalata inali itabwera Lachitatu kudzera mwa Amai Chanda. Akuluakulu a ku yunivesite anali atakhala pansi padera kuwerenga nkhani yake, ndipo malo amodzi atatseguka anamupatsa iye. M'nyumba mwanga anadziwa masiku anayi osandiuza, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ndinabisa nkhope m'chipewa n'kulira, anthu n'kumaganiza kuti ndi chimwemwe chokha.

Tsiku lokalembetsa palibe amene anandiitana. Ndinadzuka m'mawa, ndinavala za ku ntchito, n'kumachedwa dala panja ngati ndikukonza loko. Amake anatuluka ndi ndowa ndi bulangete. Kenako anatuluka Enelesi, wopanda ndodo tsopano koma akutsimphina, akukoka sutikesi imene inkamulemera. Pa sitepe anaima. Anayang'ana pansi, nati, "Atate, sutikesi yalema. Nyamulani." Amenewo anali mawu ake oyamba kwa ine patatha pafupifupi chaka. Ndinaisenza pamutu, ine mwamuna wandevu, kudutsa pakati pa msika wa Buchi pamaso pa onse amene anamva mbiri yanga, ndipo ku Riverside ndinakwera nayo masitepe mpaka pa chitseko cha chipinda chake. Tsiku limenelo sanandiuzenso kanthu kena.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandimvere pamene ndinkapempha imfa, koma anamvera mkazi wanga pamene ine ndinali nditasiya. Ndikumuthokoza chifukwa cha Amai Chanda, amene analibe chifukwa chilichonse chotichitira chifundo. Fizi tikulimbana nayo, mbali ina loni ya boma yathandiza, mbali ina mageti. Makolo anzanga, anthu a matimu akabwera ndi malonjezo, mufunse funso limene ine sindinafunse: nanga akavulala? Mpira si woipa ayi, koma mwana asankhe yekha akudziwa zonse, chifukwa moyowo ndi wake. Ndipo inu amene mwachita chinthu chimene mukuona kuti sichingakonzeke, musamuthawe Mulungu monga ndinachitira ine. Limbani mtima, pitani kumene mukuopa kupitako, mwina thandizo lakhala likukudikirani komweko.

Sindikuuzani kuti zonse zili bwino. Zaka ziwiri zinamutayikira, bondo lake limatupa kukazizira, ndipo mpira ukayamba pa tivi amatuluka panja. Akabwera pa holide amandipatsa moni, amayankha ndikafunsa za sukulu, koma sanakhalepo pansi kucheza nane, ndipo mawu akuti ndakukhululukirani sindinawamve. Mwina sindidzawamva. Sukulu Mulungu wabweza, koma mwana wanga ndikumudikirabe. Mukagwada, abale, munditchuleko.